Ndowa ya Mayi Benedita ndi Nyimbo ya ku Koreya

M'mawa uliwonse, asanagwire tsache kapena khasu, Mayi Benedita ankayamba akhala pakhonde n'kupinda nkhata. Kansalu kake kanali kamodzimodzi, chidutswa cha chitenje, kapulana yobiriwira yomwe maluwa ake anafufutika kalekale. Ankakazunguliza padzanja katatu, kubisa nsonga mkati, kukaika pamutu, ndiyeno n'kudzuka pang'onopang'ono atagwira bondo lamanja. Popita ku mjigo sankacheza ndi munthu, moni basi. Pobwera, ndowa ili pamutu, ankaimba chapansipansi milomo ili yotseka, ndipo mapazi awo ankatsata nyimboyo mpaka pakhomo. Akatula ndowa ankapapasa mapewa kuti aone ngati anyowa.

Ntchito yawo inali yolima chimanga ndi fodya ngati wina aliyense wa ku Ngauma, koma dzina linatchuka ndi maukwati. Kwa zaka makumi atatu, mzere wa ukwati uliwonse wa mpingo m'midzi ya kumeneko ankaphunzitsa ndi iwowo. Mzere ndi ana aja, atsikana ndi anyamata, amene amavina kutsogolo kwa mkwatibwi kuchokera kutchalitchi mpaka kuchisakasa cha phwando. Masitepe ankapeka okha, ndipo nyimbo siinkalowa mumzere asanaiyese. Kayesedwe kake nkuti ankadzaza ndowa mpaka pakamwa, kusenza, n'kuyenda motsata nyimboyo kuchokera pa mjigo kukafika pa mango wa patchalitchi, amayi a mpingo akuonerera. Mapewa akauma, nyimbo yadutsa. Akanyowa, kaya inali yotchuka bwanji pa wailesi, inkathera pomwepo. Ankati mkwatibwi amayenda ngati munthu wosenza madzi: diresi lalitali, nsapato zosazolowera, maso a apongozi onse ali pa iye, ndiye nyimbo yomuthamangitsa ndi nyimbo yomuchititsa manyazi.

Iwo eni sanayendepo mumzere. Anakwatiwa ndi Bambo Simão ali ku Malawi, mbali ya ku Namwera, kumene anathawira nkhondo ali mtsikana. Ukwati wake unali wa anthu asanu ndi awiri pansi pa mtengo, popanda ng'oma, ndipo diresi inali yobwereka, ya mayi wina wamfupi. Kumeneko nkomwe ankaimirira kumbuyo kwa mipanda kuonerera maukwati a eni mudzi, n'kumaloweza masitepe. Atabwerera kwawo mtendere utabwera, anapeza tchire pamalo pa mudzi, ndipo ukwati woyamba utachitika panalibe wina wodziwa kuimika ana pamzere. Ntchitoyo anangoisenza iwowo, ndipo sanaitulenso.

Koma zaka zimenezi anali atatopa. Bondo linkatupa nyengo yozizira. Ana a mzere ankabwera mochedwa, maso ali pa mafoni, ndipo ukawauza kuti abwereze ankausa moyo ngati nkhalamba. Anali atauza amuna awo kuti watsala ukwati umodzi wokha, wa Anastaziya, mwana wawo womaliza, ndipo akatero mluzu wawo wophunzitsira ana adzauponya padenga. Ana a eni anawayendetsa osawerengeka. Ana awo ena atatu anali aamuna, anakakwatira kwina. Wamkazi anali yekhayu.

Anastaziya ankaluka tsitsi mu saluni ina ku Cuamba, ndipo kumeneko nkomwe anapezana ndi Jackson, wokonza njinga zamoto. Mwezi wa Epulo Anastaziya anabwera kumudzi, nkhani ya ankhoswe itatha kale, n'kupeza makolo ake ali m'chigafa akusankha fodya. Anakhala pansi kuthandiza, manja ake osalala akuchita kunyansidwa ndi utomoni, ndipo atasankha masamba ochepa anatulutsa foni. Anati nyimbo zonse za ukwati asankhe amayi, koma yolowera iye ikhale iyi.

M'kagalasi ka foni munali atsikana asanu a ku Koreya, miyendo ngati mabango, wina tsitsi lofiirira ngati mkati mwa dzungu. Ankadumpha onse pamodzi, kutembenuka pamodzi, kumwetulira pamodzi. Mawu awo anali aang'onoang'ono, okwera, ngati anapiye otsekeredwa m'chitini, ndipo pamwamba pake pankamveka timaliwu tothamanga, kuwomba m'manja, ndi kamluzu. Mayi Benedita anamvera mpaka inatha, tsamba la fodya lili m'manja. Anafunsa kuti akuti chiyani. Anastaziya anawerenga zimene foni inamasulira m'Chipwitikizi: mvula yakata, ndavala nsapato zachikasu, tuluka panja tithamange.

"Nsapato basi?" anafunsa Bambo Simão. "Anthu asanu, nyimbo yonseyi, nkhani n'kukhala nsapato?"

Anastaziya sanaseke. Anafotokoza kuti nyimboyi ndi imene inkamuimiritsa mu saluni masiku oluka mutu umodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndiponso kuti tsiku loyamba kulankhulana ndi Jackson, mnyamatayo anabwera kudzadandaula kuti aichepetse. Kenako anatsitsa mawu. Akwawo kwa Jackson anali atanena kuti ukwati uchitikire ku Cuamba, mu holo, ndi woimba zimbale wa m'tauni, ndipo iye anakana chifukwa ankafuna kuyenda mumzere wa amayi ake. Chimene ankapempha ndi chimodzi chokhachi.

Mayi Benedita anati lamulo ndi la aliyense, ndowa ndiyo idzanene.

Loweruka amayi a mpingo anasonkhana pa mjigo. Kutsogolo kunali Mayi Suzana, wapampando wawo, amene anathawira limodzi ndi Mayi Benedita ku Malawi ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanasiye kuwaseka. Mayi Suzanawo anali atanena kale kuti nyimbo ya chilankhulo chosamveka ingathe kukhala ikutukwana mpingo wonse anthu akuomba m'manja. Ndowa inadzazidwa. Mayi Benedita anaika nkhata, anasenza, Anastaziya anaima kumbuyo kwawo atakweza foni m'mwamba.

Nyimbo itayamba, anafunafuna popondera koma sanapapeze. Chimene chinkamveka ndi timaliwu tija ndi kuwomba m'manja, ndiye anatsata zimenezo. Mapazi anayamba kufulumira. Madzi anayamba kugunda m'mbali mwa ndowa. Asanafike ndi pakati pomwe, phazi linakodwa pa muzu, bondo linagonja, ndipo ndowa inapita uko, iwo uku. Anakhala m'matope, bulauzi itamatirira pathupi, atsikana a ku Koreya akupitiriza kuitana anthu kuti atuluke panja.

"Mwabatizidwanso, anzanga," anatero Mayi Suzana akuwadzutsa. Ena anaseka mobisa m'makapulana.

Mayi Benedita anafinya nkhata yawo. Manyazi ndi ululu zinabwera pamodzi, ndipo sanayang'ane mwana wawo ponena chigamulo. Anati nyimboyi ilibe pansi. Ndi yokoma kwa munthu wokhala pampando, koma woyenda alibe poika phazi, ndipo siilowa mumzere.

Anastaziya anazimitsa foni. Anawathandiza kufika kunyumba, anawatenthetsera madzi othowa bondo, n'kutsuka mbale. M'mawa mwake anakwera shapa, minibasi ya ku Mandimba. Patapita milungu iwiri malume ake anabwera ndi uthenga woti ukwati udzachitikira ku Cuamba mwezi wa Ogasiti, ndipo amayi asavutike ndi chilichonse, adzangobwera kudzakhala pampando wakutsogolo.

Pampando wakutsogolo. Mawu amenewa ankawabwerera akamamanga fodya, akamakonola chimanga. Sanadandaule kwa munthu. Nkhata ankapindabe m'mawa uliwonse, koma pobwera ku mjigo sankaimbanso, chifukwa akangoti ayambe, kankabwera ndi kanyimbo ka nsapato kaja, kosaitanidwa, n'kukhala m'mutu tsiku lonse ngati udzudzu. Bambo Simão anawauza kuti akanangotseka maso n'kuvomera, nanga si mwana wawo yemwe. Iwo anayankha kuti anakanira ana a eni nyimbo zambiri, ena analira, ndiye akavomera ya mwana wawo mapewa atanyowa pamaso pa anthu, zaka makumi atatu zonsezo zisanduka bodza.

Bondo silinaphwe. Mu Juni amuna awo anawakweza njinga yamoto kupita nawo kuchipatala ku Mandimba. Anakhala pamzere mpaka masana, anamangidwa bandeji, anapatsidwa mapiritsi, n'kuuzidwa kuti asamasenze zolemera, zimene anangomvera mwaulemu. Bambo Simão atapita kukafuna zingwe za mabelo a fodya, anawasiya pabenchi pamsika, pakhomo pa kashopu ka Arlindo. Arlindo ndi bambo wa ana anayi amene amaikira anthu nyimbo m'makhadi a mafoni, ndipo mzere wa ukwati wake anaphunzitsa ndi iwowo. Anawalandira ndi manja awiri, anawagulira maheu, n'kufunsa kuti awaikire kwaya iti.

Mayi Benedita anamwako maheuwo. Kenako, akuyang'ana kumbali, anafunsa ngati ali nayo ya atsikana a ku Koreya a nsapato zachikasu.

Arlindo anaganiza kuti wamva molakwika. Anafunafuna pa kompyuta yake, anasewera ziwiri zolakwika, yachitatu inali yomweyo. Inatulukira m'chisipika chachikulu chakuda chimene chimaima pakhomo, chotalika kufika m'chiuno mwa munthu.

Benchi inanjenjemera. Mayi Benedita anaimva poyamba m'matako ndi m'mimba, isanafike m'makutu. Pansi pa anapiye aja, pansi pa kamluzu ndi kuwomba m'manja, panali ng'oma yaikulu yolemera, yosafulumira. Pamwamba pakagunda kanayi, iyo inkagunda kamodzi, ngati mayi woyenda kumbuyo kwa ana othamanga. Anauza Arlindo kuti ayambirenso. Kenako anafunsa kuti ng'oma imeneyi waionjezera yekha kapena bwanji. Arlindo anaseka, anati ilimo kuyambira kale, koma kafoni kamaimeza, pakamwa pake mpang'ono, sikangatulutse mawu apansi.

Anawatembenuzira galasi la kompyuta kuti aone bwino. Pamenepo sanayang'anenso tsitsi kapena zovala, anayang'ana mapazi, monga amachitira ndi ana awo a mzere. Anthu asanu kutera pansi nthawi imodzi chonchija si za mwezi umodzi. Iwo ankadziwa kuti kuti ana khumi angotembenukira mbali imodzi zimatenga milungu ingati, kukalipa kungati. Ndiye anamuona wakumapeto, kumanzere, wamng'ono pa onse. Pamwamba pa sokosi yake panali kansalu kofanana ndi khungu, komangidwa pabondo. Podumpha ankatera ndi mwendo winawo. Nyimbo itatha onse anaima chilili akumwetulira, koma iye mapewa ankakwera ndi kutsika, mano ali panja, mpweya ukumuthawa.

"Ana awa atopa," anatero Mayi Benedita.

Anapempha ndowa kwa mayi wogulitsa mandasi pafupi, anati aidzaze. Nkhata inali m'chikwama, sankaisiya. Bambo Simão pobwera ndi zingwe zawo anapeza anthu atapanga bwalo, a njinga zakabaza ataima, ndipo pakati pali akazi awo, bandeji yatsopano pabondo, ndowa pamutu, akuyenda pang'onopang'ono kuchokera pa shopu ya Arlindo kukafika pa ogulitsa tomato n'kubwerera. Phazi lililonse linkatera pa ng'oma yapansi ija. Atatula anapapasa mapewa. Anali ouma.

Panjira yobwerera Bambo Simão anadandaula kuti adokotala angonena kumene za zolemera, ndipo msika wonse wa Mandimba tsopano ukudziwa kuti mkazi wa Simão wazungulira mutu. Mayi Benedita ankangoganiza za Lamulungu.

Mapemphero atatha anapempha amayi kuti atsale pansi pa mango. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo anayamba ndi chovutacho: anati anaweruza molakwa, chifukwa anamvera nyimbo pa kafoni, theka lake lokha. Mayi Suzana anati zaka makumi atatu sanamvepo Benedita akubweza mawu, ndiye kapena ku Mandimba anawabaya jakisoni wolakwika. Anafunsanso ngati akanapita mpaka kumsika kukasenza ndowa chikhala kuti mwanayo ndi wa munthu wina.

Funso limenelo linawalasa Mayi Benedita, ndipo sanalizembe. Anati kapena sakanapita, ndipo chimenecho n'cholakwa chawo china. Koma ndowa siidziwa kuti mwana ndi wa yani. Amene akukayika abwereke chisipika, adzaze yekha madzi.

Kenako ananena za nyimboyo monga ankanenera za nyimbo zonse, poyera, zabwino ndi zoipa. Anati mawu ake alibe chotukwana, komanso alibe nzeru yoti munthu n'kupita nayo kunyumba, ndi zonena za ana amene aona kuti mvula yakata. Pamwamba pake mpodzaza kwambiri, zinthu zikulira nthawi imodzi ngati pa chigayo, ndipo kamluzu kaja akanatha kukachotsa osataya kanthu. Ndi yaifupi, imatha mwadzidzidzi ngati munthu waitanidwa pakhomo, ndiye kuchokera kutchalitchi kukafika kunyumba pafunika kuibwereza kanayi. Koma pansi ili napo, polimba. Ana a mzere avine zapamwambazo, mkwatibwi ayende pa ng'oma. Ndipo chapakati pali malo amodzi pamene zonse zimakhala zii, kutsala mawu a mtsikana mmodzi yekha, ndipo pamenepo mpamene mkwatibwi angaime n'kugwadira apongozi. Malo otero nyimbo zambiri za masiku ano zilibe.

"Ndi nyimbo yachisangalalo," anamaliza, "koma oimba ake anaikhetsera thukuta. Imeneyo ine ndimaipatsa ulemu."

Mayi Suzana anati chabwino, koma mawa wina akabwera ndi ya ku China asadzawadzutse.

Kumudziko foni imagwira pamwamba pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Mayi Benedita anakwera atagwira ndodo, Bambo Simão akuwakankha kumbuyo. Ataimba, Anastaziya anayankha chowumitsira tsitsi chikulira pafupi. Amayi ake sanazungulire. Anati nyimbo ija yadutsa, iwo ndi amene sanaimve bwino.

"Amayi, mwati chiyani?"

"Wamva. Sindibwereza, chulu chino n'choterera."

Chowumitsira tsitsi chija chinazima. Kenako Anastaziya anati akwawo kwa Jackson auza kale anthu za holo, sakudziwa ngati zingasinthe. Mayi Benedita anati akudziwa, sakumukakamiza, angofuna adziwe kuti mapewa anauma. Anatsika chulu chokhala pansi.

Panapita masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri malume aja anabweranso, atatopa ndi kuyendera nkhani imodzi kawiri. Anati a ku Cuamba anyinyirika, apongozi aakazi akuti kumudzi kuli fumbi, koma Anastaziya waumirira ndipo Jackson wati iye apita kumene kukupita mkazi wake. Akuchimunawo adzabwera pa lole.

Milungu isanu ndi iwiri yotsatira inali yowawa. Ana anakondwa ndi nyimboyo mopitirira, aliyense ankafuna kudumpha ngati a m'foni, ndipo Mayi Benedita ankaphunzitsa atakhala pampando, mwendo uli pa chitsa, mluzu uli pakamwa. Madzulo ankalephera ndi kuvula nsapato komwe. Anastaziya anabwera kutatsala masiku anayi, ndipo amayi ake anamusenzetsa ndowa kawiri pa tsiku, kuchokera pa mjigo kukafika pa mango, mpaka anasiya kumva anapiye n'kuyamba kumva ng'oma.

Tsiku la ukwati Arlindo anabwera ndi chisipika chake, anachikweza pa wilibala pamodzi ndi batire la galimoto, n'kumakankha yekha atavala jekete. Mayi Benedita anakana mpando. Anayenda pambali pa mwana wawo njira yonse, ndodo kudzanja lamanzere, osamugwira, osamuuza kanthu. Kutsogolo ana ankadumpha fumbi lili koboo, kumbuyo Anastaziya ankabwera pang'onopang'ono, khosi lili chilili. Nyimbo ikuimbidwa kachinayi, pamene inakhala zii, anali atafika ndendende pamaso pa apongozi, ndipo anagwada. Mayi a Jackson, aja a fumbi, anapukuta m'maso ndi nsonga ya kapulana. Bambo Simão anauza Mayi Suzana kuti Chikoreya tsopano akuchimva, ndipo nkhani idakali ya nsapato.

M'mawa mwake Mayi Benedita anakhala pakhonde, nkhata ili pamwendo, yosapinda. Bondo linali ngati dzungu. Madzi anali atatunga kale alendo. Mayi Suzana anadutsa kudzanena za ukwati wina wa mu Okutobala, ndipo Mayi Benedita anatulutsa mluzu m'thumba n'kuwapatsa, anati aupereke kwa amene ali ndi mawondo. Mayi Suzana anayamba kuseka, koma ataona nkhope yawo anaulandira.

Lole inali italiza kale hutala kawiri pamene Anastaziya anabwera kudzatsanzika. Anagwada pafupi, anafunsa ngati pali chimene angawatumizire kuchokera ku Cuamba, mafuta opaka kapena kapulana. Amayi ake anati atulutse foni, aike atsikana aja. Anadikira mpaka pamene onse asanu amaima akumwetulira, ndipo anaika chala chawo chokhakhala pakona yakumanzere ya galasi.

"Ukakafika kumene foni imagwira bwino," anatero, "ukandifunsire ngati bondo la mwana uyu linapola."